Maliro Ofunda a ku Dikirani

Dziko la Pepani simungalipeze pa mapu, koma onse amene anafikako amavomerezana pa chinthu chimodzi: kulibe kwina kumene munthu amaikidwa m'manda mwaulemu ngati kumeneko. Mfumu yake, Mwinidziko Lirani Wachiwiri, inali ndi mtima wofewa ngati papaya lakupsa. Ikangomva kuti kwinakwake kwagwa zovuta, misozi inkayamba yokha, moti panali nduna yapadera yonyamula mipango yopukutira. Amoyo okha ndiwo Mfumu inkavutika kuwakumbukira, chifukwa amoyo amayendayenda, sakhala malo amodzi kuti munthu awamvere chisoni bwinobwino.

Anangozo, mayi wamasiye wa m'mudzi wa Dikirani, ankagulitsa tomato pamsika wa Tsitsaniko. Analinso mmodzi wa amayi oimba amene ankatengedwa pa lole kukakometsa misonkhano ya kunyumba yachifumu mumzinda wa Chikhuta. Sankapitako chifukwa chokonda ndale ayi. Mulungu anawapatsa mawu abwino, ndipo pobwerera oimba ankalandira chitenje. Choncho tsiku limene lamulo lalikulu linabadwa, iwo anali pomwepo, atakhala pa kapinga miyendo atatambasula, akuganiza za tomato wawo amene ankapsa yekha kunyumba.

Woyamba kuimirira anali Olemekezeka Pirirani, Nduna ya Zaumoyo, munthu wa mawu otsika ngati wopempha moto kwa mnansi. Anati maambulansi atha matayala, ndipo m'zipatala za kumidzi mwangotsala makatoni opanda kanthu. Asanakhale pansi n'komwe, Olemekezeka Khuzani, Nduna ya Chipepeso, anali atadzuka kale, akukonza taye wake wakuda.

"Mwinidziko, ndifunseko," inatero Nduna ya Chipepeso. "Chaka chatha tinagula mankhwala a malungo. Ndani anationa? Munthu amamwera m'nyumba, chitseko chotseka, akachira n'kumati Mulungu wamuchiritsa. Dzina lanu silimveka n'komwe. Koma bokosi, Mwinidziko! Bokosi limayenda pamapewa, mudzi wonse ukuona. Ndipo chiyambire ntchitoyi sindinalandirepo munthu wodandaula kuti bokosi limene tinamupatsa likumuthina."

Nduna zinaomba m'manja. Mfumu inatambasula dzanja, n'kupatsidwa mpango.

"Komanso wodwala ukamuchiritsa lero, mwezi wamawa wadwalanso," inapitiriza ndunayo. "Womwalira timamuthandiza kamodzi, nkhani n'kutha."

Nduna ya Zachuma inatsokomola, n'kunena kuti nayo yafufuza. "Umphawi, Mwinidziko, tapeza kuti umakhala mwa anthu amoyo. Kumanda sitinapezeko mphawi ngakhale mmodzi. Aliyense ali ndi malo akeake, palibe wa lendi, palibe wogona ndi njala."

Mfumu inalira kwambiri pomva nkhani yabwino chotere, ndipo misozi itaphwa inalamula. Maambulansi onse apakidwe utoto wakuda. Mafuta onse apite ku Unduna wa Chipepeso. Aliyense womwalira, ngakhale wa kutsidya kwa mapiri, anyamulidwe kwaulere kupita ku nyumba ya chisoni ya pachipatala chachikulu cha Mubweremawa, asambitsidwe, avekedwe, abwerere m'bokosi la zogwirira zonyezimira, ndipo pamaliro pake padyedwe mpunga ndi nyama ya ng'ombe. Ndipo popeza Mfumu inkalemekeza miyambo ya makolo, inakumbukiranso kuti mayi akamwalira ali ndi pakati saikidwa pamodzi ndi mwana m'mimba. Inalamula kuti kuseri kwa nyumba ya chisoniyo kumangidwe chipinda cha opaleshoni, cha dokotala wakewake ndi jenereta yakeyake, chowalekanitsira awiriwo mwaulemu.

"Nanga odwala, Mwinidziko?" anafunsa Olemekezeka Pirirani.

"Odwala a kuno ku Chikhuta ali ndi magalimoto awo," inayankha Mfumu mwachifundo. "Enawo asadere nkhawa. Akakonzeka tidzawatenga."

Amayi anapatsidwa chizindikiro, nthungululu inalira, nyimbo inayamba. Anangozo anaimba nawo, pakuti anakwera lole kuti adzaimbe. Koma m'kamwa mwawo munali mowawa ngati atafuna masamba a nimu, ndipo pakati pa ndime ananong'ona kuti, "Ambuye, mwamva nokha."

M'mawa mwake pamsika wa Tsitsaniko panalibe nkhani ina.

"Ine ana anga ndawauza kale," anatero Anachanza, mnzawo wa Anangozo wogulitsa mandasi. "Ndikadzamwalira, nthawi ya mpunga ikakwana adzandidzutse. Sindingaphonye nyama ya pamaliro anga omwe."

"Inu mukunena nyama," anayankha mkulu wina wosoka nsapato. "Ine chibadwire galimoto sindinakwerepo. Tsopano chiyembekezo ndili nacho."

"Mudzakwera chogona, agogo, simudzaona kanthu."

"Bolani anthu adzandione ineyo."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Anangozo sanaseke, komanso sanadzudzule aliyense. Anasankha tomato wofewa n'kumuika pambali, monga ankachitira masiku onse, kuti mkulu wosoka nsapatoyo atenge popita kwawo popanda kupempha. Maganizo awo anali pa Enifa, mwana wawo yekhayo, amene anali ndi pakati poyamba, mwamuna wake atapita kukagwira ntchito kuminda ya fodya kutali.

Miyezi inadutsa, ndipo lamulo linagwira ntchito bwino lomwe. Magalimoto akuda ankayenda m'misewu yonse kufunafuna masamba aawisi amene anthu amayala pamsewu posonyeza kuti pamudzi pali zovuta. Ng'ombe zokoka ngolo zinagulidwa zonse ndi Unduna, n'kumathera imodziimodzi m'miphika ya pamaliro. Pa wailesi ankalengeza kuti amphawi akuchepa mwezi ndi mwezi.

Matenda a Enifa anayamba tsiku lina dzuwa likutuluka. Mzamba wa m'mudzimo anabwera, anagwiragwira pamimba, anagwiranso. Kenako anaitanira Anangozo panja.

"Mwana wagona mopingasa," anatero. "Uyu si wa manja anga. Uyu ndi wa mpeni wa dokotala, ndipo ndi lero, osati mawa."

Chipatala cha Mubweremawa chinali kuseri kwa mapiri. Panjinga Enifa sakanatha kukhala. Ngolo zinalipo, zokokera zake palibe. Anangozo anamanga chitenje n'kuthamangira kumsewu waukulu, n'kuyamba kuimitsa chilichonse cha matayala. Magalimoto a ku Chikhuta anadutsa, mawindo otseka, n'kuwasiyira fumbi m'maso. Anagwada m'mbali mwa msewu, manja m'mwamba. Mayi wina wa m'galimoto yoyera anawabayibitsa mwaulemu, poganiza kuti akupemphera. Inadutsanso galimoto yakuda, pang'onopang'ono, woyendetsa akuyang'ana pansi pamsewu, koma poona kuti palibe masamba anapitirira.

Anachanza anawapeza pomwepo, mandasi atawasiya kumsika.

"Anangozo, dzukani. Thyolani masamba."

"Mwati chiyani?"

"Mwandimva. Masamba a mango awo. Yalani pamsewu."

Anangozo anagwira pakamwa. "Kulirira mwana wamoyo? Anachanza, amenewo ndi malaulo. Ndimuitanire imfa ndi manja angawa?"

"Imfa yadziitana kale, ili pakhonde panu. Tamverani. Alamu anga a kutsidya anamwalira mwezi watha ndi chotupa cha m'mimba. Tinadya mpunga, tinaimba, tinakwirira. Dzulo ndawapeza akupalira chimanga."

"Koma bodza, amnzanga. Ine ndimadya mgonero."

"Nanenso ndimadya. Sankhani chimodzi: kulira lero mwabodza, kapena kulira mawa zenizeni."

Anangozo anapita kuseri kwa mtengo wa mango, anagwada pamizu, n'kutseka maso. Pemphero lawo silinali lalitali. "Ambuye, inu mukudziwa kuti ali moyo. Zimene mumve pano lero musazitengere." Atadzuka anathyola nthambi ndi dzanja lawo, n'kukaiyala pakati pa msewu.

Masambawo asanafote n'komwe, galimoto yakuda inali itaima pabwalo. Munatsika anthu awiri. Wina anali dalaivala, bambo wa imvi dzina lake a Mtalimanja. Winayo anali a Kanjedza, Wotsimikiza Maliro wa chigawocho, amene ntchito yake inali kuona ngati womwalira wamwaliradi. Ntchitoyi anaipeza chifukwa cha amalume ake, ndipo inali ndi vuto limodzi lokha: a Kanjedza ankaopa mitembo. Sankalowa m'nyumba ya siwa. Ankaima pakhonde, mpango pamphuno, n'kumatsimikiza imfa pomvetsera kulira kwa anamfedwa.

Anachanza anali atasonkhanitsa kale amayi a kwaya m'nyumbamo. Enifa anagonekedwa pamphasa, atafundidwa chitenje mpaka kumutu. Mzamba anakhala pafupi, dzanja lake lili pamimba pansi pa nsalu. Ululu ukamabwera, mzamba ankatsina Anachanza pantchafu, Anachanza n'kutsogolera, amayi onse n'kukweza mfuu mpaka udzu wa padenga kunjenjemera, ndipo kubuula kwa Enifa kunkamira m'katimo. Ululu ukapita, onse ankakhala chete n'kumapuma.

A Kanjedza anapendeketsa mutu. "Kulira kwake kukubwera modukizaduka. Bwanji kodi?"

"Ndi mwambo wa kuno, bwana," anafuula Anachanza ali m'kati. "Timalira mopumira kuti tisathe mawu nduna isanafike."

"Nzeru zimenezo," anatero a Kanjedza. Mfuu inakweranso, ndipo pakati pake panamveka liwu limodzi lakuthwa, lochokera pansi pa mtima. A Kanjedza anagwedeza mutu mokhutira. "Ameneyo ndiye zamukhudza. Ndani ameneyo?"

"Palibe amene anali pafupi ndi malemu kuposa iyeyo, bwana," anayankha Anachanza.

Kenako a Kanjedza anaitana mayi wa malemu. Anangozo anatuluka, anagwada patali pang'ono, maso pansi. Anali atathyola masamba, koma lilime lawo linali lisanavomere kunama.

"Pepani mayi. Wamwalira nthawi yanji?"

"Ine ndinali kumsewu, bwana."

"Chavuta n'chiyani?"

"Kutalika kwa chipatala, bwana."

"Ayi, ayi, matenda amenewo m'dziko muno anathetsedwa. Tinene kuti ndi chifuniro cha Mulungu."

"Zonse zili m'manja mwake, bwana."

"Mwanena bwino. Anali woyembekezera?"

"Ndi woyembekezera, bwana."

A Kanjedza anawayang'ana mwachisoni, poona mayi amene sanazolowerebe kunena za mwana wake ngati munthu wapita. Analamula kuti maliro anyamulidwe, iwo atsalira kuti aone poimika tenti ya nduna. Ndi maliro sankakwera galimoto imodzi.

A Mtalimanja ndi amayi a kwaya ananyamula Enifa pa machira, kwaya ikuimba mokweza. Atamugoneka m'galimoto, dalaivala uja anakweza pang'ono chitenje cha kumaso, n'kuchipinda kuti mphuno ikhale poyera. Anangozo anaona zimenezo n'kudziwa kuti bamboyo wazindikira, komabe anakwera n'kukhala pambali pa mwana wawo. Galimoto itangokhota kuseri kwa chulu, a Mtalimanja anapisa pansi pa mpando, n'kupereka botolo la madzi kumbuyo osacheuka.

"Maliro anuwo anyowetseniko milomo, mayi. Asamwe ambiri, dokotala amakalipa."

Anangozo analandira botololo mwamantha.

"Musaope. Maliro ambiri amene ndimanyamula masiku ano amatsokomola. Ena amafunsa ngati tafika. Wina sabata yatha anandipempha kuti ndiime akataye madzi."

"Bambo, Mulungu akudalitseni."

"Andidalitse ndi matayala. Gwiritsani pamenepo. Lamulo limati galimoto ya maliro iziyenda pang'onopang'ono, mwaulemu. Koma mabuleki a iyiyi sanapite kusukulu, lamulo salidziwa."

Galimoto inauluka. Pa zotchinga za apolisi, apolisi anachotsa migolo mothamanga n'kuchita sawasha. Magalimoto a ku Chikhuta aja anapatukira m'mbali, eni ake atavula zipewa. M'midzi anthu ankasiya makasu n'kuima chilili, amayi n'kugwada. Enifa anatsegula maso n'kuona zonsezi pawindo.

"Amayi," ananong'ona, thukuta lili kamukamu, "anthu onsewa akupatukira ine?"

"Khala chete, mwana wanga. Wamwalira."

Chipatala cha Mubweremawa chinali ndi zipata ziwiri. Cha kumaso chinali cha amoyo, ndipo mzere wake unkayambira pakhomo, kuzungulira mtengo wa mkuyu, mpaka kukafika pamsewu. Ena anali atamanga tizisakasa, ena akuphika, wina atadzala mpiru pamalo pake pamzere. Cha kuseri chinali cha omwalira: chopakidwa laimu, maluwa mbali zonse, mlonda wa yunifolomu yosita. Jenereta inkalira mokoma.

Pakhomo panatuluka namwino wamkulu, mayi wojintcha, Sisita Chimphamba.

"Sisita, ofunda," anatero a Mtalimanja motsitsa mawu. "Awiri mumodzi."

"Enanso? Inu a Mtalimanja, mudzandibweretsera liti ozizira kuti ndipumeko?" Ankalankhula uku akukankha kale machira, dzanja lina litagwira mkono wa Enifa kumva kugunda kwa mtima.

M'kati munali moyera, magetsi akuwala masana. Dokotala anali wachinyamata, maso ofiira ndi kutopa. Enifa ataona mipeni pathebulo anagwira chitenje cha amayi ake.

"Amayi, andicheka ngati mtembo. Sandigoneka tulo."

Dokotala anamva, koma anayankha akuyang'ana khoma. "Lamulo la Mwinidziko limati womwalira asamve kuwawa kwa mtundu uliwonse. Mankhwala oletsa ululu a dziko lonse ali m'kabati umu. Ine ndimangotsata lamulo. Mayi, dikirani panja."

Anangozo anakhala pa benchi pakati pa maluwa. Anayesa kupemphera, mawu osabwera, ndipo anangoti manja pamodzi n'kumusiya Mulungu awerenge yekha. Kupyola mpanda wa waya ankaona mzere wa amoyo. Pafupi ndi mpandawo panali mayi wa msinkhu wawo, akukupiza ndi kabokosi mtsikana wa mimba yaikulu amene anagona pansi, milomo itayera. Mayiyo ataona Anangozo anasiya kukupiza, anafika pawaya, n'kugwada.

"Pepani ndi zovutazi, amayi," anatero. Anamasula mfundo ya chitenje chake, n'kutulutsa nthochi imodzi, n'kuipisa pa waya. "Mudyeko. Anamfedwa amaiwala kudya."

Anangozo analandira ndi manja awiri. Manyazi anawagwira. Anayang'ana mlonda, anayang'ana mtsikana uja, kenako anasendera mpaka milomo kukhudza waya.

"Amayi, kwanu n'kutali?"

"Kuseri kwa phiri ilo."

"Musapite kwanu. Mutengeni mupite naye paseri pa sitolo iyo. Muthyole masamba, muyale pamsewu. Bambo wa imvi ali m'galimoto yakudayo akuonani. Mukatero mulire."

Mayiyo anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Anayang'ana mwana wake nthawi yaitali. Kenako anayamba kupinda mphasa.

Posakhalitsa, m'nyumba ya chisoni munamveka kulira kwa khanda, kwaukali, kwa munthu amene wasokonezedwa tulo. Mlonda anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Malo ano ndi odabwitsa," anatero. "Ndinagwirapo kuchipinda cha amayi oyembekezera, koma makanda sankalira chonchi."

Sisita Chimphamba anatuluka akupukuta manja. "Mwamuna. Onse ali bwino, iye ndi malemu amayi ake." Anangozo anafuna kugwada, koma Sisita anawagwira paphewa n'kuwakhazika pa benchi. "Musanathokoze, mvetserani. Mwana wanuyu sangadzukenso. Kudzuka ndi mlandu waukulu, amati kuba chipepeso cha Mfumu. Bambo wina anadzuka miyezi iwiri yapitayo nduna ili pakati pa kulankhula. Ali kundende mpaka pano, akuti adzatuluka akadzabweza mpunga umene anthu anadya."

"Ndiye titani, Sisita?"

"Muika maliro. Bokosi tikupatsani, thunthu la nthochi mukadula kwanu. Malemu akhala kuno masiku angapo bala lipole, timati tikuwakonza. Chakudya chilipo chambiri. Koma khandali ndi mwana wamasiye tsopano, ndiye kuti ndi mwana wa Mfumu. Alandira bulangeti, sopo, sukulu yaulere, ndipo womulera azilandira ufa mwezi uliwonse. Akanabadwa kwa mayi wamoyo akanalandira dzina lokha."

Anangozo anafunsa funso limodzi lokha: "Ndingamuone?"

Tsiku la maliro mudzi wa Dikirani unaona zimene sunaonepo. Msewu unakonzedwa m'mawa womwewo kuti nduna idutse. Panaimikidwa tenti, panabwera mipando, panaphedwa ng'ombe imene ena anaizindikira kuti inkakoka ngolo ya m'mudzi momwemo. Ana anadya mpaka kugona chagada. Bokosi linali lonyezimira moti amayi ankadziyang'anirapo pokonza maduku, ndipo m'kati mwake munagona thunthu la nthochi litavala diresi loyera. Adzukulu polinyamula anati malemu anali munthu wabwino, sakulemera.

Olemekezeka Khuzani analankhula nthawi yaitali. Anati Enifa anali duwa la dziko la Pepani. Anati Mwinidziko sanagone atamva. Anati m'mayiko ena amphawi amakhala zaka ndi zaka osathandizidwa, koma kuno palibe mphawi amene amafika kumanda wapansi. Analira, anapukuta, analiranso. Kenako anapempha kuti amubweretsere mwana wamasiyeyo, amunyamule anthu aone.

Apa ndi pamene zinthu zinafuna kuthina. Enifa anali atabwera usiku kuchokera kuchipatala n'kubisidwa m'nyumba ya Anachanza, atauzidwa kuti asasuzumire n'komwe. Koma khanda litangofika m'manja mwa nduna linayamba kulira, kulira kosamva botolo, kosamva nyimbo, kosamva udindo. Nduna inaligwedeza, linakuwa. Inalipereka kwa Anangozo, linakuwabe mpaka kufiira. Ndipo anthu anangoona mtsikana atafunda chitenje kumutu akutuluka m'nyumba, akuyenda pang'onopang'ono atagwira pamimba, n'kudutsa pakati pa khamu lonse. Anakhala pansi pafupi ndi bokosi, anatenga mwanayo, n'kumuika kubere. Pabwalo panangoti zii. Ankamveka ndi mwana yekha, akumeza.

Anangozo anatseka maso. Anaona ndende, anaona mpunga wonse umene unali m'mimba mwa anthu.

"Mayi wachifundoyu ndani," inafunsa nduna, "woyamwitsa mwana wa mnzake?"

Funsolo linali la Anangozo, ndipo mudzi wonse unawayang'ana.

"Ndi wa m'nyumba mwanga, bwana," anayankha. "Ndinamulera ndine."

Nduna inayang'ana mtsikanayo, inayang'ana chithunzi chimene chinali pamwamba pa bokosi pakati pa nkhata, inayang'ananso mtsikanayo. Inatsitsa magalasi.

"Koma akufanana ndi malemu."

"Osauka timafanana, bwana," anatero Anachanza.

"Zoona, zoona," inavomera nduna, nkhope n'kumasuka. "Ndimaona choncho kulikonse kumene ndimapita." Inawerama pang'ono, n'kulozetsa maikolofoni kwa mtsikanayo kuti anthu onse amve. "Mwana wanga, iwe unkamudziwa bwino malemuyu. Tauza dziko, anali munthu wotani?"

Enifa anakonza mutu wa mwana pamkono pake. Anayang'ana bokosi lake, tenti, msewu watsopano, ndi bulangeti lofewa limene linakuta khandalo.

"Anali wovutika, bwana," anatero. "Koma chimwalirire zinthu zikumuyendera."

Nduna inaimirira mowongoka, misozi ikutsika masaya onse awiri.

"Mwamva?" inafunsa khamulo. "Mwamva nokha? Mawu amenewa ndikawafikitsa kwa Mwinidziko lero lomwe!"

Inalamula kuti mayi wachifundoyo apatsidwe mbale ina ya mpunga. Anangozo anakaitenga okha, anasankha nyama yofewa, n'kukhala pansi pambali pa mwana wawo. Popeza manja a malemu anali otanganidwa, anayamba kumudyetsa ndi supuni, adzukulu akutsitsa bokosi.